Manja a Ba Whyson a ku George

Abale anga mwa Khristu, dzina la Ambuye litamandike m'nyumba iliyonse imene kapepala ka parishi aka kalowe.

Bambo Mfumu anandipempha kuti ndilembe mbiri ya Ba Whyson Chimbalanga, amene tinawaika m'manda mwezi wa Julaye, m'nyengo ya mphepo ndi fumbi. Anati popeza ndinakhalitsa kunja ndipo ndimakonda mabuku, ntchitoyi indiyenera. Kaya mabuku athandizapo chiyani. Ndawerenga mbiri za oyera ambiri, ena oponyedwa ku zilombo, ena othawira m'chipululu, koma sindinapezemo wosenza mtanda wonga wa bamboyu: dzina loipa losamuyenera, lopatsidwa ndi akhristu anzake, m'komboni imene munthu ukayetsemula aneba amayankha.

Ba Whyson anabadwira ku Matero mu 1949. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi, akuti akupita ku migodi ya ku Joni, koma ulendowo unathera mu Lusaka, m'khitchini ya mzungu wina. Mayi awo anali a ku Mtakataka, mayi wolimba pa mwambo, amene ankati mwana wobadwira m'tauni akhoza kuiwala njira ya kumudzi koma asaiwale kuomba m'manja. Sankanena kuomba kwa ku mpira ayi. Ankanena kuomba kwa ulemu, kuja munthu amapinda zikhatho ngati akufuna kutunga madzi, n'kuziphatikiza modekha kuti zilire pansipansi, phu, phu, phu. Mwanayo akaomba ndi manja otambasula, phwa phwa, mayiwo ankamufunsa ngati akupirikitsa nkhuku. Chimenechi muchisunge, chifukwa moyo wonse wa munthuyu unapachikika pamenepo.

Sukulu anailekera panjira bambo awo atamwalira. Anagulitsako nyuzipepala, kenaka analembedwa ukondakitala pa kampani ya mabasi a boma. Mu 1974 anamanga ukwati woyera ndi Ba Felistus, mwana wa banja lochokera ku Katete, ndipo anadzakhala kuno ku komboni ya George, kukadali minda ya chimanga pakati pa nyumba ndi mitengo ya mango imene lero simungaione ngakhale chitsa chake. Mulungu sanawapatse mwana. Achibale anabwera ndi uphungu umene tonse tikuudziwa, wakuti mwamuna ayesere kwina kuti mtundu usathe. Ba Whyson anawamvetsera mpaka anamaliza, anawaombera m'manja monga mwa mwambo, n'kuyankha kuti pa guwa sanalonjeze ana, analonjeza Felistus.

Koma nyumba yawo sinakhale chete. Ba Felistus anasanduka amayi a ubatizo a theka la komboni. Amayi opita kukaoda katundu ku msika wa Soweto ankawasiyira makanda m'mamawa, ndipo chingwe cha pakhomo pawo chinkalemera ndi matewera a ana a eni. Ana amenewo ndiwo anali moyo wawo wonse. Ba Whyson nawo anasankhidwa kukhala wopereka Ukalistia kwa odwala. Ine ndikuwakumbukira Lamulungu Misa itatha, atavala malaya oyera, kabokosi ka Thupi la Ambuye kali m'thumba la pamtima, akudutsa m'tinjira ta komboni osatsegula pakamwa. Ngakhale oledzera a pa shabini ankatsitsa wailesi. George wake anali ameneyo. Lero pa njira yomweyo pali nyumba za njuga ya mpira zoyang'anizana ndi mahema a aneneri, ndipo sindikudziwa amene angatsitsire mnzake phokoso.

Ine ndinachoka mu 1988 kupita ku Mangalande, ndikuti ndikaphunzire ndibwere. Zimene zikutsatirazi ndazimva kwa Ba Felistus eni ake, amene andiloleza kuzilemba, ndi kwa ena amene analipo.

Ba Felistus anali ndi kachifuwa chiyambire ubwana, pamene chikuku chinatsala pang'ono kuwatenga. Kanali kachifuwa kozolowereka, kongobwera ndi mphepo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kanakula. M'mawa uliwonse ankatulutsa makhololo ambiri, olimba, achikasu, nthawi zina obiriwira, nthawi zina okhala ndi timizere ta magazi. Thupi linkatentha, kuleka, kutenthanso. Ku kiliniki anawapatsa mankhwala a TB miyezi yambiri, ndipo chifuwa chitabwerera anawapatsanso, ngakhale kuti poyeza makhololo kachilombo ka TB sikanapezeke. Achinyamata a lero sangamvetse zaka zimenezo. Malole opita ku manda a Chingwere ankadutsana pa msewu ngati maminibasi. Munthu akangotsokomola kawiri m'tchalitchi, pakamwa pa anthu pankamuika m'manda iye akadayenda, ndipo kunyumba ankamupatulira kapu yakeyake. Nthawi yomweyo kampani ya mabasi inatsekedwa, Ba Whyson n'kuyamba kusoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika.

Potsiriza, ku chipatala chachikulu cha m'tauni, dokotala wina anayang'anitsitsa zithunzi za m'chifuwa n'kutchula dzina la matendawo: bulonkiekitasisi. Ndi mawu ochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake n'losavuta kuposa katchulidwe kake: timapaipi ta mpweya totanuka. M'mapapo mwathu muli tinjira tokhala ngati nthambi za mtengo. Matenda aakulu, monga chikuku, chibayo kapena TB, angathe kutisiya titavulala ndi kufutukuka, osathanso kudzitsuka tokha. Makhololo amadikha m'menemo monga madzi amadikhira mu ngalande yotsekeka ya ku Kanyama, ndipo podikha madzi tizilombo timaswana. Chifuwa chikabuka, tinjirato timaonongekanso, makhololo n'kuonjezeka. Dokotalayo anati matendawa sachizika kuti atheretu, koma munthu angakhale nawo mpaka ukalamba ngati ngalandeyo ikutsegulidwa tsiku ndi tsiku. Ananenanso chinthu chimene chikadasintha mbiri yonseyi chikadamveka kunja kwa chipindacho: matendawa sapatsirana.

Anawatumiza kwa Sisita Inonge, wophunzitsa kulimbitsa thupi la odwala. Iye anagoneka Ba Felistus chammbali, chiuno pa mapilo kuti chifuwa chitsike, n'kuuza mwamunayo kuti aziomba pa nthiti kuti makhololo asunthe. Ba Whyson anabweza manja kumbuyo. Anati chibadwire sanakwezepo dzanja pa mkazi.

"Ba Chimbalanga," anatero sisitayo, "muziba kuombela bapongozi m'manja?"

"Niziba."

"Ni mwamene umo. Pindani kwanja monga mufuna kutapa manzi. Uku si kuchaya, ni kupeleka ulemu ku mapapo."

Anayesa, ndipo dzanja linalira phu, phu, phu. Sisita Inonge anaseka, n'kunena kuti ophunzira ake amatha sabata akulephera chimene bambo uyu anaphunzira kwa amayi ake.

M'minibasi pobwerera, Ba Felistus anawagwira mkono amuna awo n'kuwapempha kuti asauze munthu. Ba Whyson anati palibe chobisa, popeza dokotala wanena kuti sapatsirana. Mkaziyo anawafunsa kuti ndani mu George, m'chaka ngati chimenecho, angakhulupirire matenda amene ngakhale lilime likukana kuwatchula. Anthu adzangomva mawu awiri, chifuwa ndi magazi. "Bakamva so, kulibe azanipasa mwana wake. Ba Whyson, nilibe bana benangu." Potsika pa siteshoni bamboyo analonjeza.

Kuyambira pamenepo ankadzuka m'bandakucha, makanda asanafike. Ankaomba mbali iyi, kenaka inayo, akunena kolona chapansipansi kuti asunge muyeso, mkaziyo akubuula, kutsamwa ndi kutsokomola mpaka chifuwa chitapepuka. Zikatero masana onse ankangotsokomola pang'ono ngati wina aliyense. Mbaula ankayatsa Ba Whyson, kutali ndi khomo, chifukwa utsi wa makala unkawadzutsira chifuwa akazi awo. Makhololo akasintha mtundu kapena thupi likatentha, sankadikira. Ankapita nawo ku kiliniki tsiku lomwelo kukatenga mankhwala opha tizilombo, ndipo ankaonetsetsa kuti amwa mpaka m'bulu womaliza. Ba Felistus anayamba kunenepa.

Koma nyumba zathu mukuzidziwa. Khoma logawa zipinda silifika ku malata. Kuseri kwa khomalo kunkakhala Ba Edna, mayi wa m'kwaya, amene mng'ono wake anafa ndi nkhonya za mwamuna ku Chawama anthu onse akungoti za m'banja salowerera. Ba Edna analumbira pa manda a mng'ono wakeyo kuti sadzakhalanso chete. Tsono m'mawa uliwonse ankamva kugunda, kubuula, kutsamwa, ndi mawu a mwamuna akuti, "Pililani, pasala pang'ono." Kukacha ankaona Ba Felistus maso ali psuu. Anawafunsa pa mpope, kawiri konse ndi kuposa, ndipo yankho linali lakuti palibe kanthu. Ba Edna ankalidziwa yankho limenelo, chifukwa ndi lomwe mng'ono wake ankapereka. Musawaweruze mayiwa. Anachita chimene ambiri a ife timalephera kuchita, kungoti khutu linawanamiza.

Nkhani inapita ku mphakati, kagulu ka akhristu a m'dera lathu, kuchoka uko inakwera ku bungwe la parishi. Wapampando, Ba Silas, anali munthu wachilungamo ndi wachangu, ndipo zinthu ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi pamafunika kusamala. Anafunsa ngati n'zoona kuti manja a Ba Whyson amagwa pa thupi la akazi awo m'mawa uliwonse. Ba Whyson, amene bodza sankalidziwa, anavomera. Atafunsidwa chifukwa, anati chimenecho sanganene.

"Nanga muzaleka?"

"Ba Cheya, munikhululukile. Siningaleke."

Panalibenso chokambirana. Ba Silas anagamula kuti manja omenya mkazi sanganyamule Thupi la Ambuye. Ba Whyson anatulutsa kabokosi kaja m'thumba la pamtima, anakapsompsona, anakaika pa tebulo, n'kuombera bungwe m'manja mwaulemu, phu, phu, phu. M'chipindamo munali anthu amene makolo awo anachokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Katete, ndipo Ba Edna analimo. Panalibe ngakhale mmodzi amene anazindikira kuti wamva yankho la funso lawo.

Ba Felistus atamva analira, nati apita okha akaulule. Amuna awo anawaletsa. Anati adikire nyengo ya maliro ipite, anthu ayambenso kuganiza bwino. Ndipo ananena mawu amene mkaziyo amawabwereza mpaka lero: dzina lili ngati nsapato, likang'ambika munthu amayendabe, koma mapapo alibe wosoka. Nyengo ya maliro inapitadi, mankhwala otalikitsa moyo anabwera, anthu anayamba kutchula matenda awo poyera. Koma Ba Felistus sanapite. Anandiuza mosabisa kuti zaka zoyamba ankaopa kulandidwa ana, ndipo zaka zotsatira ankaopa kufunsidwa kuti anali kuti nthawi yonseyi pamene mwamuna wawo ankanyozedwa. Chaka chilichonse chimene anakhala chete chinalemeretsa chaka chotsatira. Pa Lenti iliyonse ankati Pasaka ikadutsa adzanena. Ba Whyson sanawakumbutse ngakhale kamodzi.

Anyamata a pa msika anawapatsa dzina lakuti Ba Nkhonya. Pa nthawi yopatsana mtendere mu Misa, amayi ena ankayang'ana kumbali. Munthu amene kale ankaitanidwa kuyanjanitsa mabanja sanaitanidwenso ngakhale pa chinkhoswe. Koma chimene chinkawapweteka koposa sichinali chipongwe, chinali chiyamiko. Amuna ena ankabwera ndi nsapato zawo pansi pa mtengo paja n'kuwauza kuti ndiwo amuna enieni, mkazi amafuna choncho. Mmodzi wa amenewa Ba Whyson anamubwezera nsapato yosasoka, n'kumuuza kuti tsiku limene adzakweze dzanja pa mkazi wake adzabwere amusoke zala. Munthuyo anachoka akuseka, poganiza kuti ndi nthabwala za akatswiri. Ndipo taonani kupotoka kwa dziko: amayi a m'komboni, pomvera chisoni Ba Felistus, anayamba kuwabweretsera ana ochuluka kuposa kale.

Tchalitchi Ba Whyson sanachisiye. Anasamukira pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chifanizo cha Yosefe Woyera, mmisiri amene sitimumva akudziteteza. Loweruka ankasesa, nyengo ya mvula ankafukula ngalande za pa bwalo la tchalitchi madzi asanalowe m'kati. Odwala sanaleke kuwayendera. Ankapita chimanjamanja, kukawameta ndevu, kuwatembenuza pa mphasa ndi kuwasokera nsapato zimene ambiri a iwo sanadzazivalenso. Wina atawafunsa ngati sizikuwawawa kuona ena akunyamula kabokosi kaja, anayankha kuti Ambuye amaidziwa njira ya ku nyumba za odwala, sanali kudalira thumba la Whyson.

Ine mbiri ya Ba Nkhonya inandipeza kunja, pa lamya, monga zimatipezera nkhani zonse za kwathu: yofupika, yotsimikizika, yopanda mwini. Nditabwerera chaka chatha ndinasochera m'komboni imene ndinabadwiramo. Pamene panali mtengo wa nsapato pali kanyumba kotumizira ndalama pa foni. Ana amakudutsa maso ali pa galasi la m'manja, ndipo ukawapatsa moni amakuyang'ana ngati ukufuna kuwabera. Ba Whyson ndinawapeza pa benchi yawo, atawerama, zala zitatupa ndi nyamakazi. Anandizindikira, anandiombera m'manja pang'onopang'ono, n'kundifunsa ngati ku Mangalande anthu amapatsana moni kapena amangopatsana njira. M'chaka chonse chimene ndakhala kuno, ndiwo okha anandilandira monga tinkalandirirana kale. Sindinadziwe kuti zala zotupazo zinali zitagwira kale ntchito m'mawa umenewo. Anamwino a masiku ano anali atawaphunzitsa Ba Felistus njira zopumira zothandiza kukweza makhololo okha, ndipo zinkathandiza, koma pa ukalamba mphamvu yotsokomola inachepa, manja aja n'kumafunikabe.

Ba Whyson anadwala masiku owerengeka. Mtima unatopa. Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta oyera, ndipo Ukalistia anaulandira ali pa mpando pakhomo, akuothera dzuwa la masana. Atatsala awiri, anayang'ana manja awo n'kuuza akazi awo kuti, "Felistus, aya mawa sazauka. Muzafunika kupempha." Anatseka maso ngati munthu amene wamaliza nsapato yomaliza ya tsikulo, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atapita.

Pa nyumba ya maliro amuna anakhala panja, amayi m'kati, namfedwa atagona pa matiresi pakona monga mwa mwambo. M'mawa woyamba Ba Felistus sanapemphe. Wotsatira sanapemphenso. Pofika tsiku loika maliro chifuwa chinali chitadzaza, chikulira ngati madzi owira, ndipo sankatha kumaliza mawu osapumira. Kutangoyera, amayi akuyamba kupinda zofunda, anakweza dzanja n'kuitana Ba Edna, amene tsopano ndi agogo oyendera ndodo. Anagona chammbali, anakokera pilo pansi pa chiuno, n'kuwauza kuti awaombe pa nthiti. Ba Edna anadodoma, koma namfedwa sakanizidwa. Anaomba ndi dzanja lotambasula, phwa.

"Osati so, Ba Edna. Pindani kwanja, monga muombela bapongozi."

Ba Edna anapinda chikhatho. Phu. Phu. Phu. Namfedwa anabuula, anatsamwa, anayamba kutsokomola. Dzanja la Ba Edna linaima m'malere. Amayi amene analipo akuti nkhope yawo inachita ngati ya munthu amene waona mzukwa masana.

"Felistus," anatero monong'ona, "ni ichi?"

"Ni ichi chamene. Pitilizani, mwana wa amai. Nyimbo yake muiziba, munaimvela zaka zonse izi."

Ba Edna anapitiriza, misozi ikugwera pa chitenje cha mnzawo. Chifuwa chitapepuka, Ba Felistus anakhala tsonga n'kufotokoza zonse, kuyambira chikuku cha ubwana mpaka lonjezo la m'minibasi. Ambiri mwa amayi amene ankamvetserawo anakulira pa msana pawo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatengerapo chifuwa.

Mawu anatuluka panja mtembo usananyamuke. Ku Chingwere, Ba Silas, amene anapemphedwa kulankhula m'malo mwa akuluakulu akale, anali atakonzeka kunena kuti malemuwa anali ndi zofooka zawo monga tonse. Anaimirira kuti alankhule. Koma m'malo mwake nkhalambayo inagwada pa dothi lofiira, inapinda zikhatho, n'kuyamba kuombera bokosi. Anthu anatsatira mmodzimmodzi. Achinyamata ena anayamba ndi phwa phwa wa ku mpira, koma amayi awo anawagwira manja n'kuwapinditsa. Ulemu umene tinawamana ali moyo tinaupereka kwa matabwa. Ndi khalidwe lathu lakale, ndipo pa zonse zimene ndinasiya mu George, ndi lokhali limene ndalipeza lili bwinobwino.

Abale anga, chifuwa chokhalitsa si TB nthawi zonse, ndipo si chilango. Amene akutsokomola makhololo miyezi ndi miyezi, mankhwala osathandiza, abwerere kuchipatala akapemphe kuti amuyeze mozama, ndipo ife tisamuchititse mantha mpaka kubisala. Mantha amene anatseka pakamwa pa Ba Felistus sanagwe kumwamba, tinawaumba ndife. Ba Whyson anawalipira ndi dzina lawo ndi utumiki umene ankaukonda, osadandaula, kuti mkazi mmodzi apume ndi kunyamula ana. Ambuye amene anawanyamula pamtima m'tinjira ta komboni ino awanyamule nawonso, awapumitse m'kuwala kosatha.

Ba Felistus akadali nafe. Amayi a mphakati amasinthana kupita kwawo m'mamawa, ndipo amene amafika woyamba kawirikawiri ndi Ba Edna, ndi ndodo yawo. Tsono mukamadutsa kuseri kwa msika kukucha, mukamva phu, phu, phu kuchokera m'kanyumba ka chitseko chobiriwira, musathamangire ku bungwe. Gogodani, mufunse ngati manja atopa.